Sultan Wafika Bwino, Mayi Anu Ali Kuchipatala

Bambo a Ilyes,

Mukabwerako kogula mapira a mbalame yanu Sultan musatifunefune, tili kuchipatala cha kuseri kwa msika wa nsomba. Mayi anu agwa pakhomo tikulowetsa katundu. Akulankhula, koma miyendo yatupa ngati maungu.

Chifukwa chake mukuchidziwa. Kuchokera ku Setif mpaka kuno ku Jijel, dzuwa likuswa mtengo, mawindo a galimoto otseka kuopa kuti Sultan angadwale chimfine. Iyeyo pampando wakutsogolo, kakhola kake mutakamanga lamba ngati nduna, mayi okubalani kumbuyo atapanikizana ndi mavwende. Atapempha madzi paja munati otsalawo ndi a mbalame.

Mtima m'malo, mwana wanu wanthengayo ali bwino, akuimba. Ndamupachika kubafa chifukwa mphaka wa aneba akumuyang'ana mwachikondi kuposa inu. Pepani sindinamufunditse bulangeti, ndinatanganidwa ndi tinkhani tating'ono.

Bwerani ndi mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, ali m'chikwama chobiriwira. Pobwerera kwathu woyendetsa ndine, mayi kutsogolo. Inu ndi Sultan basi ilipo, mukamangane lamba m'menemo.

Nassima