Ndasokera diresi thupi limene ndilibe

Aphungu,

Ndine mayi wosoka zovala, ndipo ndikulemba chala china chili m'bandeji. Mukamva m'mene ndinachivulazira sekani ndithu, poti inenso ndikudziseka.

Mwana wanga wamkazi woyamba akukwatiwa miyezi ikubwerayi. Kumapeto kwa chaka anandibweretsera nsalu yobiriwira ya timaluwa tagolide, imene anakaigula kutali ali paulendo wa kuntchito. Anati, "Amayi, moyo wanu wonse mwakhala mukukongoletsa anthu ena. Iyi mudzisokere nokha, mudzavale pa ukwati wanga." Ndinagwetsa misozi, aphungu, chifukwa palibe anandiuzapo mawu otere.

Tsono chaka chitangoyamba, mzimu wofuna kusintha unandigwera. Anesi anali atandiuza kale kuti magazi anga akuthamanga, ndichepetseko thupi pang'ono. Ine pang'onoyo ndinamuona kuchepa. Ndinalumbira pamaso pa bambo akunyumba kuti shuga basi, buledi basi, chakudya chamasana basi, ndipo m'mawa uliwonse ndizithamanga. Iwo anangoti, "Mayi, chaka chathanso munalumbira chomwechi," n'kupitiriza kumwa tiyi wawo.

Mawuwo anandibaya. Ndinati chaka chino ndidzitsekera njira zonse zothawira. Ndinatulutsa m'sutikesi diresi limene ndinkavala ndisanabereke, n'kuliyala pa nsalu ya mwana wanga ija, kulemba ndi choko, kenako sizasi. Telala aliyense amadziwa kuti umasiya nsalu pang'ono m'kati mwa msoko, kuti mwini chovala akadzanenepa udzamasule. Makasitomala anga onse ndimawasiyira, ngakhale aja amabweza mimba m'kati ndikamawayeza n'kumati, "Achemwali, lithine bwino." Koma langali ndinadula ndendende, mwadala. Nditalisoka ndinalipachika m'shopu moyang'anizana ndi makina, kuti lizindiyang'ana ndikamalakalaka bisiketi.

Kuthamanga kunathera m'sabata yoyamba. Ndinatuluka pageti ngati mphepo, koma pofika pakona bondo linandikumbutsa zaka zanga. Galu wa aneba, amene anayamba kundithamangitsa, anaona kuti palibe chifukwa, ndipo anangondiperekeza kubwerera akuyenda. Masana ndinkapirira ndi madzi a mandimu, koma ndikafika kunyumba madzulo ndinkadya choimirira, mphika ukadali pamoto, ngati munthu wotuluka m'ndende. Sikelo sinasunthe. Tepi yanga yoyezera, imene sinandinamizepo chiyambire ntchitoyi, ndinayamba kuikayikira.

Sabata yatha ndikupinda thalauza la kasitomala, m'maso munachita mdima phazi likadali pachopondera, singano n'kulowa m'chala, ine n'kukomoka. Anandidzutsa ndi bambo osoka nsapato a khomo loyandikana ndi shopu yanga, akundikupiza ndi katoni. Akuti, "Mayi, makina mumawathira mafuta, nanga mwiniwake bwanji?"

Dzulo ndinapita nalo kunyumba diresilo kuti ndiliyese. Linafika m'mapewa n'kukana. Ndinaima manja ali m'mwamba, mutu uli m'kati, ndikuitana bambo akunyumba kuti adzandisolole. Anabwera n'kundisolola.

Mwana wanga sakudziwa chilichonse. Akaimba foni amati, "Amayi, mwayamba kusoka?" Ine ndimangoti, "Lili m'njira, mwanawe." Nsalu ya mtundu umenewu ndaifuna m'mashopu onse, kulibe, ndipo ndangotsala ndi tizidutswa. Mnzanga wina akuti pali tiyi wotsegula m'mimba amene amaphwetsa thupi msanga. Kodi ndimwe? Kapena ndisiyenso chakudya cham'mawa? Madzi afika m'khosi. Ndikuopa kumuuza mwanayu kuti mphatso yake ndinaisokera mayi amene kulibe.

T.M., m'tauni muno

Mayi T.M.,

Pepani ndi chalacho. Ndaseka ndithu, poti mwandiloleza, koma nditafika pa kukomoka paja kuseka kunatha.

Inu si waulesi. Munthu waulesi sapirira njala mpaka kugwera pamakina. Vuto lanu ndi lakuti makasitomala mumawachitira chifundo, koma nokha mumadzichitira nkhanza. Malonjezo anu munawadula ngati diresilo, opanda pomasulira, choncho tsiku limodzi lolephera linang'amba zonse.

Yambirani kuchipatala, sabata ino. Mukawauze anesi zoona zokhazokha: kuti mwakhala mukudumpha chakudya ndipo munakomoka. Ngati mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, nkhaniyi si yocheza. Muwafunse kuti pang'ono amene ankanena uja ndi wotani, ndipo muyendere wawoyo, osati wa m'sutikesi.

Chakudya chamasana chibwerere. Muzinyamula cha kunyumba, cha ndiwo zamasamba zambiri, ndipo muzidya mutakhala pansi, makina atazima. Munthu amene wadya masana samenyana ndi mphika madzulo. Shuga musathetse naye chibale lero ndi lero, ingochepetsani supuni, lilime lizolowere. Kuthamanga sikukufunika, mayi, ndipo bondo lakuuzani kale. Yendani. Ulusi wa m'bobini ukatha, imirirani, dziwongoleni, kazungulireni panja musanapitirize. Madzulo ena muziyenda ndi bambo akunyumbawo. Amene ali ndi mphamvu zokumbukira malumbiro a chaka chatha alinso ndi mphamvu zovala nsapato.

Padzakhala masiku a mvula, a ntchito yothina, a bisiketi. Amenewo muwayembekezere, ali m'kati mwa dongosolo. Mukaphonya Lachiwiri mupitirize Lachitatu, musadikire chaka china kuti mudzalumbirenso. Ndipo musamafunse sikelo yokha. Muziona ngati mukugona bwino, ngati mukukwera masitepe osapuma befu, ndi zimene makina a anesi akunena.

Za diresi, mukudziwa kuposa ine. Kasitomala atabwera nalo lothina simungamuuze kuti akasale kudya. Mungalimasule m'mbali, n'kuikamo nsalu ina yogwirizana nayo, tizidutswa tija n'kukongoletsera m'khosi ndi m'manja, iye n'kuchoka akuyamikira fashoni yatsopano. Dzichitireni chimodzimodzi. Koma akuyezeni telala mnzanu, mukupuma bwinobwino, pakuti inu ndi tepi yanu simukugwirizana masiku ano.

Musanamasule ulusi ngakhale umodzi, muitaneni mwana wanu, mumuonetse diresilo ndi chala chomwe. Mwina adzakhumudwa, ndipo ali ndi ufulu, poti nsaluyo anaisankha ndi mtima wonse. Musadziteteze. Mupepese, kenako mupite naye akasankhe yekha nsalu yoikamo. Bodza la "lili m'njira" likamakula, lidzamupweteka kuposa sizasi yanu.

Tiyi wa mnzanuyo musamuyandikire n'komwe. Amachotsa madzi m'thupi, osati mafuta, ndipo kwa munthu wa magazi othamanga amene wakomokapo kale, akhoza kukugonetsani m'chipatala pa tsiku limene mukufunika kwambiri. Diresi likakanika, ukwati udzachitikabe, mudzavala lina. Koma inu mukagwa, palibe telala amene angamusokere mwanayo mayi wina.