Malovu a Mlongo Wanga Atipezera Azakhali ku Kwekwe

Aphungu,

Ndine mphunzitsi ku Manyamula, koma kwathu ndi ku Engutwini.

Agogo athu aamuna, a Jonasi, anapita ku migodi ya ku Joni mu 1953, agogo aakazi ali ndi pakati pa bambo anga. Patapita zaka ziwiri, mnzawo wina anabwera ndi chikhoti chawo, n'kunena kuti mgodi unawagumukira. Akumudzi analira maliro, anakumba manda, n'kuikamo chikhoticho. Agogo aakazi anakana kukwatiwanso, ati ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kale, ndipo anakhala pamudzi wa amuna awo mpaka imfa. Bambo anga, a Zondwayo, pano ali ndi zaka 71. Chaka chilichonse amalambula manda awiriwo ndi manja awo, salola wina kugwirapo khasu.

Mlongo wanga Bestone amagwira ntchito ku Joni. Iye ndi wokonda zachilendo, ndiye analavulira malovu m'kabotolo n'kutumiza kukayezetsa DNA, kufuna kudzitama kuti ndi Mngoni weniweni. Ine ndinamuseka. Zotsatira zitabwera, zinasonyeza kuti ali pachibale chapafupi ndi mayi wina wa ku Kwekwe ku Zimbabwe, a Doris, nesi wopuma pantchito, amene naye anayezetsa pofunafuna abale a bambo ake.

Ndalankhula nawo pa foni kanayi. Akuti bambo awo anali a Jonasi ochokera ku Nyasalande, ndipo anamwalira mu 1991. A Jonasiwo sankakamba za kwawo, koma pageti pa nyumba yawo anapachika thabwa lolembedwa kuti Engutwini. A Doris anandifunsa kuti, "Mwana wanga, mawu amenewa amatanthauza chiyani? Ife tinakula tikuyesa dzina la nyumba chabe."

Aphungu, ndinakhala pansi. Atanditumizira chithunzi cha bambo awowo, ndinaona bambo anga enieni atavala chipewa chachilendo: mphumi yomweyo, khutu lakumanzere lopindika lomwelo. Malovu, omwe timangolavula m'njira, akusunga nkhani imene mudzi wonse sunaidziwe zaka makumi asanu ndi awiri!

Vuto langa ndi ili. A Doris akufuna kumva mawu a mlongo wawo. Koma bambo amadwala mtima, ndipo ali ndi mawu awo amene amakonda kunena: "Adada bakanileka yayi, mgodi ndiwo ukabatola," kutanthauza kuti bambo awo sanawasiye, unawatenga ndi mgodi. Bestone akuti tingokhala chete. Kodi ndiwauze?

J.M., Manyamula, Mzimba

Mayi J.M.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Pa zaka zonse zimene ndayankha makalata, sindinaonepo chibale chikutulukira m'kabotolo. Akuluakulu ananena kuti chibale ndi fupa, sichiola, koma sanadziwe kuti tsiku lina makina adzawavomereza.

Auzeni. Nkhaniyi mwini wake ndi bambo anu, inu ndi Bestone mwangoitola. Komanso Bestone amene anayezetsa kuti adzitame, mukuganiza kuti asunga pakamwa mpaka liti? Anthu a ku Mzimba ali mbwee ku Joni, ndipo nkhani idzafika ku Engutwini pa basi, itapindika kale.

Koma musathamange. Yambani mwafunsa adokotala amene amawaona ngati mtima wawo uli bwino masiku ano. Kenako tsatani mwambo wa kwanu: nkhani yolemera chotere mwana wamkazi saitula yekha kwa bambo ake. Pezani mkulu wa m'banja amene bambo anu amamumvera, mumuonetse zonse, mupite naye masana, pakhale anthu atatu basi.

Poyamba nenani za wamoyo. Auzeni kuti ali ndi mlongo amene wakhala akuwafunafuna osadziwa ngakhale dzina lawo. Zinazo adzafunsa okha. Akafunsa chifukwa chimene a Jonasi sanabwerere, yankhani zoona, kuti simukudziwa. DNA imaonetsa amene anabereka mnzake, siinena zimene zinali mumtima mwa munthu. Mwina anali manyazi, mwina anamva kuti kumudzi anawalira kale. Zimene mukudziwa ndi zakuti dzina la mudzi wawo analipachika pageti mpaka imfa, ndipo zimenezo muwauze. Ngati mtima wawo ukukayika, iwo ndi a Doris angathe kuyezetsa awiriwo kuti atsimikize.

Za manda a chikhoti musayambitse. Akafuna kulambulabe, apatseni khasu.

Chenjezo langa ndi ili: musawaumirize kulankhula ndi a Doris tsiku lomwelo, ndipo chithunzicho musawaonetse pa foni anthu atawaunjirira. Kachisindikizeni ku Boma, muchiike mu envulopu, muwasiyire m'Baibulo lawo. Akhoza kukwiya, akhoza kukhala sabata osachikhudza. Asiyeni. Munthu amene wafika zaka 71 asanaonepo nkhope ya bambo ake ayenera kuiona ali yekha.

Aphungu