Manati Ali M'chitini, Mlandu Uli pa Mlamu Wanga

Aphungu,

Ndiyambe ndi kukufunsani: munagwirapo sipanala inu? Ngati ayi, kalata iyi ipatseni wina amene manja ake amadziwa girisi, chifukwa sindikufuna kuuzidwa kuti ndikhale pansi ndipume. Ine ndimakamba zinthu mmene zilili, nanunso mundiyankhe motero.

Ndine makanika kuno ku Mnkhanya. Palibe anandiphunzitsa. Ndinayambira pa njinga, kenako zigayo, lero ndimamasula injini ya landikuluza n'kuibwezera osatsala bawuti ndi imodzi yomwe. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti wolemba kalatayi si wongoyesa.

Apongozi anga aamuna, malemu a Josiah, anagwira ntchito ku migodi. Popuma anatsika kuno ndi kamotoka kofiira ka mipando iwiri, kopanda denga, kakale kuposa ine. Kanakhala m'shedi zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pampando. Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza chawo, ndipo banja linagwirizana kuti kamotokako kadzuke, katsogolere anthu kumanda, apongozi aakazi atakhala pambali pa woyendetsa. Woyendetsayo anasankhidwa popanda kukangana: Cynthia, mng'ono wa mkazi wanga Delia. Ndiye amene malemu anamuphunzitsira chiwongolero m'kamotoka komweko, ndipo lero amayendetsa alendo oona nyama pa loji ina kuno.

Injini ndinaidzutsa. Vuto linali msewu. Kuno ndi makande. Nthawi ya mvula malandikuluza ndi mathirakitala amakumba tingalande tiwiri, njovu n'kupondapo, ndipo zikauma zimalimba ngati simenti. Kamotoka kathu miyendo yake ndi yopanikizana, ndiye tayala lina limagwera m'ngalande, lina lili pamtumbira wapakati, n'kumayenda chopendekera. Ndinati iyayi, apongozi anga sangapite kwa amuna awo atapendekera ngati thumba la thonje pa njinga. Ndikatambasule miyendo kuti kafanane ndi tingalandeto.

Ku Chipata ndinapeza malimu a matayala otakata a mabowo faifi, pamene mahabu a kamotokako, pomangira matayala paja, ali ndi masitadi fo, mabawuti otulukira kunja aja. Ndinatenganso maadaputa, zitsulo zozungulira zija zimene umamanga pa habu ndi manati, izo n'kukhala ndi masitadi akeake ovekapo tayala. Kutsogolo kunandikhutiritsa. Kumbuyo ndinaona kuti kukuchepabe, ndiye ndinadula ndekha masipesa, timbale totalikitsira tayala, pa chitsulo chochindikala n'kuwalowetsa pakati pa habu ndi adaputa. Masitadi akale aja anangosuzumira nsonga. Manati anagwira, ndinakoka mpaka phewa kuwawa, ndinati basi. Tayala likavala, manati amkatiwo saonekanso.

Kanakongola, Aphungu, musandinamize. Anthu a pachigayo ankabwera kudzakajambula ndi mafoni.

Cynthia atakaona anaseka. "Alamu, motoka ya adadi mwaisandutsa chule? Onani mmene yakhalira tang'a!"

Ine ndinati, "Inu mumadziwa kulozera azungu njovu. Za zitsulo tisiyireni."

Timasereulana choncho masiku onse, monga zimakhalira pachilamu.

Loweruka masana tinapita kukakayesa, iye pa chiwongolero, ine pambali. Tisanafike pachigayo anati, "Alamu, kumbuyo kukugogoda. Ndiime?"

Ndinati, "Ni miyala chabe. Pondani, mukuyenda ngati mukuopa mpongozi."

Anaponda pang'ono. Kenako ndinaona tayala likutipitirira kumanzere, likudumpha lokha, mpaka linakakodwa mu mpanda wa tsabola umene mnansi wathu amapingira njovu. Kamotoka kanakhala pansi ndi thako, madigadi a pamwamba pa tayala n'kupindika. Cynthia anakagwira bwino, sikanagubuduzike, ndipo palibe anavulala.

Anthu a pachigayo anathamangira, omwe aja ankajambula dzana. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panali patatseguka kale: "Mwaigwetsera mu phazi la njovu! Ndinakuuzani muchepetse! Iyi si landikuluza ya mabwana anu!"

Cynthia anandiyang'ana. "Alamu, munati ndichepetse?"

Ndinakuwa kwambiri kuposa poyamba.

Apongozi ataona madigadi analira ngati maliro ayambiranso. Anatenga makiyi m'manja mwa Cynthia n'kundipatsa ine. "Akomwene, mudzandiyendetse ndinu. Uyu wazolowera kuthamangitsana ndi mikango." Nkhani inafika ku loji. Madalaivala anzake akamuona amati, "Werengani matayala, wafika." Bwana wake wamuchotsa kaye pa alendo, akumutuma kokatenga masamba ndi nkhuni, akuti mpaka amve bwinobwino zimene zinachitika.

Tsono imvani. Tayala lija linachoka ndi adaputa yake. Nditalimasula kunyumba, manati onse anayi amkati anali momwemo, atatsekeredwa kuseri kwa limu. Ndinawayang'ana padzuwa. Lililonse linali litagwira ndi mazinga awiri kapena atatu okha, timizere ta m'kati mwa nati tija, ndipo mazingawo anali atasengeka, akuwala ngati siliva. Limu ilibe chipsera, tayala silinaphulike. Panalibe phazi la njovu. Linali dzanja langa.

Manatiwo ndawabisa m'chitini cha girisi. Cynthia anabwera. "Mwaswera bwanji, alamu? Manati amkati aja ali kuti? Ndingowaona chabe." Ndinati anatayika m'udzu. Iye amasintha matayala kuthengo, akudziwa kuti sangatayike. Anangoti "Chabwino," n'kupita osandisereula. Kusandisereulako kunandipweteka kuposa akanandituka. Delia naye anangonena kamodzi: "Atate ake Miracle, Cynthia chibadwire sananamepo za motoka." Kuyambira pamenepo amandiikira madzi osamba osayankhula.

Mafunso anga ndi awiri. Loyamba, ndimange bwanji kuti miyendo ikhalebe yotambasuka koma tayala lisadzagwe apongozi ali m'kati? Lachiwiri, ndaganiza zoti ndikonze mwakachetechete, ndiye pa tsikulo ndidzanene kuti dzanja likundiwawa, makiyi ndidzapatse Cynthia. Ayendetsa motoka ya bambo ake, aliyense wakondwa. Kodi si zokwanira? Mkomwene kugwada pamaso pa apongozi n'kunena kuti ndinanama, anthu a pachigayo n'kumva, ndani adzandibweretserenso ngakhale njinga? Musandinyengerere.

W. M., Mfuwe

A W. M.,

Sipanala ndinaigwirapo, ndipo ndinaphwanyapo nayo chala. Mwapempha kuti ndisakunyengerereni, ndiye khalani bwino pampando.

Tiyambe ndi zitsulo, poti ndi kumene mwamasuka. Kamotokako kasayendenso mpaka mutachita zimene ndikunenazi, chifukwa tayala la kumbuyo la mbali inayo munalimanga chimodzimodzi, ndipo likungodikira nthawi yake.

Masipesa odula nokha aja muwataye. Chitsulo chodula pamanja sichikhala chosalala mofanana ponseponse, ndipo sipesa ndi adaputa sizisanjikizidwa. Masitadi a mahabu onse awiri a kumbuyo muchotse, muike atsopano, ngakhale amene akuoneka abwino, popeza anakokedwa ndi nsonga zokha. Muonenso habu, mabuleki ndi mabeyaling'i a mbali imene inakhula pansi.

Ngati mukakamira maadaputa, nati lizilowa pa sitadi mozama mofanana ndi kunenepa kwa sitadiyo, osachepera. Bowo lapakati la adaputa likhale lokwana ndendende pa mlomo wa habu, kuti izikhala pakatikati osagwedera. Palani dzimbiri musanamange. Mangani modumphitsa, nati ili kenako la moyang'anizana nalo, ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati ndi phewa. Mukayenda kamtunda pang'ono, vulani matayala onse mukokenso manati amkati. Inde, n'zotopetsa. Nati losaoneka ndi limene limafuna kuyenderedwa.

Koma maganizo anga enieni ndi akuti mubwezere malimu ake akale. Kamotoka ka mtundu umenewo mungakatambasule pang'ono kuti kakongole, koma simungakafikitse pa miyendo ya landikuluza popanda kupha mabeyaling'i ndi kukhulitsa matayala ku madigadi. Ndiponso taganizani. Kali pansi kwambiri. Mukanakwanitsa kulowetsa matayala onse m'tingalande, mimba yake ikanakhala pamtumbira, apongozi n'kutsika kukankha. Munkakonza motoka, pamene chofunika kukonza ndi msewu. Pokonzekera chiliza anthu amalambula njira ya kumanda. Itanani achibale ndi makasu, mugumule mtumbira, mukwirire tingalande ndi mapazi a njovu pa kachigawo kamene kadzadutse. Ntchito yatha.

Manje funso lachiwiri. Ayi, si zokwanira, ndipo mukudziwa, apo ayi manatiwo mukanawaponya mu Luangwa. Mwawasunga m'girisi kuti asachite dzimbiri. Munthu wofunadi kubisa sachita zimenezo.

Taonani chimene dzanja lowawalo lingabweretse. Cynthia akhala pa chiwongolero monga munthu amene mwamuchitira chifundo. Amayi ake akhala pambali atagwira chitseko ndi mantha. Anthu azinong'onezana kuti tiyeni tione ngati lero safikanso ndi matayala atatu. Mawa lake abwerera kokatenga nkhuni. Inu mudzakhala mutamubwezera makiyi, dzina lake mutalisungabe m'chitini. Ndipo mwawonjezerapo bodza lachiwiri, pamanda pa bambo ake.

Kumbukiraninso ichi. Mtsikanayo anamva kugogoda, inu simunamve. Anafuna kuima, inu munakana. Tayala litachoka anakagwira kamotoka osagubuduzika, ndipo mukundilembera ndi manja onse awiri chifukwa cha iye. Ameneyo ndi dalaivala amene loji iliyonse ingamulimbirane, koma bwana wake akumva zosiyana chifukwa cha mawu anu.

Mukuopa kuti ntchito ithawa. Mwina ena adzaseka, ndipo pachigayo adzakupatsani dzina. Mupirire, Cynthia wapirira lake lopanda chifukwa. Koma dziwani kuti iye akudziwa, Delia akudziwa, ndipo madalaivala a ku loji si ana. Tsiku lina wina adzafunsa kuti phazi la njovu limachotsa bwanji adaputa osapinda limu. Nkhani ikadzatuluka ndi pakamwa pa wina, ndi pamene njinga zidzasiye kubwera. Anthu amabwerera kwa makanika amene ananena kuti apa ndinalakwitsa. Sabwerera kwa amene motoka ikagwa amaloza mwini wake.

Ndakumvani kuti kugwada kwa apongozi n'kolemera. Musapite nokha. Uzani Delia poyamba, lero, chitini chili pa tebulo. Kenako mupite naye kwa Cynthia, mumuike manatiwo m'manja, ndipo munene mawu onse: munati muime, ine ndinati pondani. Musayambe ndi nthabwala zachilamu, zidzabwera zokha iye akafuna. Mukatero mupite kwa apongozi ndi munthu wamkulu wa m'banja, monga mwa ulemu wake. Ku loji mupite ndi miyendo yanu, bwanayo aone mazinga osengekawo ndi maso ake. Ndipo poti munakuwira pachigayo, pachigayo pomwepo pamve kuti munanama.

Chenjezo langa ndi ili: pakamwa panu pamathamanga kuposa mutu wanu. Wina akakusekani pamene mukupepesa, mudzafuna kubweza, ndipo mudzagwetsa zonse. Lumani lilime. Musanene kuti "komanso msewu", musanene kuti "komanso iye". Palibe komanso.

Munayamba kalata yanu ndi kunena kuti mumakamba zinthu mmene zilili. Pa Cynthia simunatero. Chotsani manatiwo m'girisi, mubweze makiyi pamaso pa amayi ake, ndipo mtsikanayo abwerere pa alendo ake chiliza chisanavundukulidwe.

Aphungu