Mtengo wa mango wa pakhoma la damu ndadula

Amayi wanga, kumeneko mwagona bwanji? Ngati mwaonana ndi atate muwapatse moni, muwauzenso kuti njinga yawo ija ikuyendabe ngakhale belu linathothoka kalekale.

Kuno ku Garneton tilipo. Ndiyambe ndi zokoma, chifukwa zinazo zifuna mukhale kaye pansi. Tisa, chitsiriza wanu, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, mawunso ndi anu: akayamba kulira, oyandikana nawo onse amadziwa kuti Agnesi wadzuka. Tomato wa kudimba anachita bwino, mpaka azimayi a kumsika wa Chisokone ankabwera kudzapikula okha. Repu ndiye anatha ndi nsabwe. Phulusa lija munkathira ndinathira, koma nsabwe za chaka chino n'zosamva. Nkhuku zanu zambiri zinapita ndi chitopa, tambala wamwano uja yekha ndiye imfa inamukana.

Tsopano mvetserani. Mtengo wanu wa mango, uja wa pakhoma la damu, ndadula. Sunagwe ndi mphepo ayi, wina asakunamizeni. Nkhwangwa ndinakabwereka ndine, woyamba kutema ndinenso. Ndati ndikuuzeni ndekha, poti ndikudziwa kuti achimwene a Lazalo akukusumirani kale m'mapemphero awo.

Mukudziwa kuti chiwachotsereni ntchito ku mgodi, a Lazalo sanapeze pogwira. Titakuikani m'manda, anati damu lanu aikemo nsomba zogulitsa, ndipo ine ndinakondwera kuti munthu wapeza chochita. Vuto linali ngalande ija ya kumbali, imene atate anakumba kuti damu likadzaza madzi azitulukira pamenepo m'malo mokwera khoma. Madzi akamatuluka, nsomba nazo zinkatuluka. Ndiye achimwene anasanjapo matumba a mchenga kuti madzi azikhala ambiri, pamwamba pake n'kumangapo waya wa khola la nkhuku. Aliyense wodutsa ankayamikira kuti mutu wa Lazalo umagwira ntchito.

Mu Okutobala, dzuwa lili phwee, kunabwera anthu awiri a boma oyendera madamu, mayi ndi bambo, atavala majombo, atanyamula ndodo yaitali yolembedwa manambala. Si ife tokha ayi, ankayenda paliponse pamene pali kadamu m'dera lino. Anayenda pakhoma uku ndi uku, kenako mayiyo anatsikira kuseri, pansi pa mtengo wa mango, pamalo paja pamamera kalembula, ndiwo ya masamba a mbatata ija, chaka chonse. Mukukumbuka mmene munkanyadira malo amenewo? Munkati ndi dimba la Mulungu, losafuna kheni yothirira. Anandifunsa kuti, "Bamayo, apa mumathirira?" Ndinati ayi, pamabiriwira pokha. Anapondapo ndi jombo, madzi n'kutumphuka m'mbali mwa phazi. Anandiyang'ana osaseka, n'kundiuza kuti madziwo ndi a m'damu, akuboola khoma potsata mizu ya mtengo.

Atafika pangalande n'kuona matumba ndi waya, bamboyo anangogwira m'chiuno. Anaimika ndodo yake, n'kutionetsa pamene madzi angafike matumbawo ali pomwepo. Mpata wotsala kuti akwere pamwamba pa khoma sunkafika ngakhale m'bondo mwanga. Anatinso mvula yaikulu ikadzagwa, zinyalala zidzatseka wayayo, ndipo madzi akasowa khomo adzadzipangira lawo.

A Lazalo analipo tsiku limenelo. Anayankha mokweza, mwa chitauni chawo chija: "Iyi damu yankhala zaka zingati? Inagumukapo? Imwe mufuna chabe ya drinki!" Ndinachita manyazi, Amayi, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma mayiyo sanapse mtima. Analoza kumtunda n'kufunsa kuti pamene damuli linkakumbidwa kunali chiyani. Kunali tchire, tonse tikudziwa. Lero mitengo inapita ndi makala, kwadzaza malata ndi mabwalo osesa. Anati madzi amene kale ankalowa pansi n'kumafika pang'onopang'ono, masiku ano amafika onse nthawi imodzi. Atatero analoza kumunsi, kumene kwamangidwa nyumba m'dambo. Pochoka anati adzabweranso mvula isanayambe, ndipo akadzapeza mtengo ulipo, ngalande ili yotseka, adzalamula kuti damu liphwetsedwe.

Nyumba yoyamba kumunsi kwa khoma mukuidziwa. Ndi ya mayi aja timawatcha Bana Mwape, amene ankakusambitsani mukudwala ine ndikapita kumsika, amene ankakuphikirani phala n'kumakukalipirani m'Chibemba kuti mumalize. Panopa akulera adzukulu, wamng'ono sanayambe n'kuyenda komwe. Ndinaima pakhoma madzulo ake n'kuona denga lawo lili pansi pa mapazi anga. Zaka zonsezi ndinkaliona dengalo, koma tsiku limenelo ndinaliyang'ana ndikuganiza za ana ogona m'menemo. Si inu kodi munkatiuza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe?

Achimwene anathamangira ku Ndola kukatenga amalume a ku Kanini, alongo anu. Anabwera atavala jekete kutentha konseku, n'kukhala pansi pa mtengo womwewo kuweruza nkhani. Amalume anati mtengo wobzala malemu sudulidwa wamba, ndi pamene ana amakumbukira mayi wawo. Anatinso ine ndine mwana wamkazi, nkhani za malo ndizisiyire amuna. Zimenezo ndinameza. Chimene chinandikanika kumeza ndi nzeru imene anagwirizana pamapeto pake: akuti tsiku lobwera a boma tidzachotse matumba ndi waya, tidzasadzeko nthambi ziwiri kuti aone ngati tayamba, akangopita tibwezeretse zonse.

Amayi, apa ndinatsegula pakamwa. Ndinawafunsa kuti kodi mvula nayonso tidzainamiza? Ndinati amalume mumagona ku Kanini, achimwene mumagona ku Chamboli, nonse kouma. Khomali likadzaphulika mudzamva pa foni, mudzabwera ndi minibasi kudzakhala pamaliro a ana a eni, ndipo amene adzalozedwe chala ndine, wogona pano. Amalume anati, "Mailesi, pakamwa apo ndi pamene panakuthetsera ukwati." Ndinati inde, ndipo pomwepa ndi pamene panapempha magazi kuchipatala mlongo wanu atakomoka, inu muli ku Ndola. Ndikudziwa simukadakonda kuti ndiyankhe akulu chotero. Koma ndinayankha, ndipo mawuwo sindikuwabweza.

Lamlungu titatuluka Misa ndinaima pamaso pa azimayi a mumphakati wathu n'kuwauza zonse, osabisa. Ambiri mwa iwo amakhala kumunsi komweko. Sanachedwe. Lachiwiri m'mawa anafika ndi makasu, mafosholo ndi misi yosinjira, ena atakoka amuna awo. Tinali titayamba kale kuchepetsa madzi potsegula paipi ya kudimba, monga anatilangizira mayi wa boma uja, kuti tisakumbe khoma damu lili lodzaza.

Potema ndiye panali povuta. Mtengo unali utabereka kwambiri chaka chino, mango ali aawisi, nthambi zili lendelende. Ndinaona pamene munkatsamira posankha nyemba, khungwa lake linachita kusalala. Nkhwangwa yoyamba ndinaponya ndikulira, ndipo sindinasiye kulira mpaka amuna anandilanda n'kumaliza. Utagwa, ana anathamangira mango aja n'kumadya ndi mchere, osadziwa kanthu. Ine ndinakakhala kuseri kwa nyumba kanthawi.

Chitsa sitinachisiye, chifukwa a boma anatichenjeza kuti mizu ikaolera m'kati imasiya mphako. Tinakumba motsata muzu uliwonse. Umodzi, wonenepa ngati mkono wanga, unalowera kumadzi, ndipo dothi lozungulira linali phala lokhalokha, chiswe chitamangamo misewu yake. Bana Mwape anasuzumira m'dzenjemo, anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Mwe Lesa! Kanshi twalelala pa mfwa." Kunena kuti tinkagona pa imfa osadziwa. Tinatuta dothi la pachulu, kuthira pang'ono, kuwaza madzi, kusinja ndi misi, kuthiranso, mpaka dzenje linadzaza. Azimayi ankaimba nyimbo za kwaya posinjapo, ndipo ina inali ija munkaiyambitsa inu molakwika nthawi zonse.

Waya ndinadula ndekha ndi pulayala ya atate. Matumba tinakhuthula, ngalande tinaikulitsa, pansi pake tinayala miyala. A boma atabweranso sanatiombere m'manja ayi. Anayeza, n'kunena kuti tiwonjezerebe kukula kwa ngalande ndipo pakhoma tibzale kapinga, osati chilichonse chokhala ndi mizu yaitali. Ndinang'ung'udza, msana unali utatheratu, koma tinachita. Damu analisiya.

Mvula yeniyeni inagwa sabata yatha, masana. Munkati chakudza sichiimba ng'oma, koma iyi inaimba: kumwamba kunada bii, mabingu mpaka mbale kugwedera. Ndinafunda pulasitiki n'kukaima kumapeto kwa khoma. Madzi anatsika kumtunda ofiira, atanyamula mapesi, mabotolo, thunthu la nthochi, ngakhale chitseko cha chimbudzi cha munthu wina. Damu linadzaza ndikuona ndi maso. Kenako ngalande inayamba kulira, zinyalala zonse zija n'kumadutsa, kupita kumtsinje. Ndinkangoganiza za waya uja, kuti thunthu la nthochi lokhalo likadamutseka. Madzi anakwera, anakwera, n'kuima. Pamwamba pa khoma sanapafike.

Nsomba za achimwene ndiye zinapita, zambiri ndithu. Mvula itakata, ana a kumunsi ankazitola m'udzu ndi mabeseni, akukuwa ngati kwagwa mana. Sindikunamizani, zinandipweteka. A Lazalo anavutikira nsomba zimenezo, ankayembekezera kuti Khirisimasi ino ana awo adya bwino. M'mawa mwake anabwera, anaima pangalande nthawi yaitali manja ali m'thumba. Ndinawaikira tiyi, anamusiya mpaka kuzizira. Pochoka anangoti, "Wakondwa manje?" Sindinakondwe, Amayi. Ndi mlongo wanga, anandiberekapo kumsana popita kusukulu ku Chamboli. Nsomba zotsalazo ndikuzidyetsa ine tsiku ndi tsiku, ndipo akadzafuna kumva, pali njira yokumba kadziwe kena pambali kamene madzi osefukira safikako. Koma waya pangalande paja sadzabwererapo.

Mwina nanunso mwakwiya. Ndaganizapo kwambiri zimenezi. Mtengo uja munaubzala chaka chimene tinasamuka m'nyumba ya mgodi, mutatenga mbewu kwa agogo ku Katete, ndipo munkauthirira ndi madzi otsukira mbale. Ndikudziwa chimene unali kwa inu. Koma ndinene, poti kunama munandiletsa ndinu: munaubzala pamalo polakwika. Simunadziwe, atatenso sanadziwe, palibe anakuuzani. Ine andiuza, ndaonanso ndi maso anga. Ndikadausiya, tchimolo likadakhala langa, osati lanu. Ndipo mtima wanga ukundiuza kuti mukadaona dzenje lija, mukadandilanda nkhwangwa n'kunditukwana kuti ndikuchedwa. Ngati ndikulakwitsa, ngati mwakwiyadi, kwiyani. Munandikwiyirapo kambirimbiri, chakudya n'kundisungirabe.

Dzulo amalume atumiza mawu. Akuti banja lagwirizana kuti Loweruka tonse tikakumane kumanda kwanu, ine ndikagwade, ndikapepese kwa inu ndi kwa achimwene pamaso pa onse, apo ayi asadzandionenso pa zochitika za banja. Tisa wandiimbira akulira, akuti ndingonena mawu amodziwo nkhani ithe.

Loweruka ndibwera, Amayi. Ndibwera ndi khasu ndi tsache, chifukwa ndi mvulayi udzu uyenera kuti wakula pamene mwagonapo. Kugwada ndigwada, pozula udzuwo ndi pokupemphererani. Achimwene ndidzawauza kuti nsomba zawo zandimvetsa chisoni, poti n'zoona. Koma mawu oti ndinalakwa simudzawamva, ngakhale amalume aime pamenepo mpaka dzuwa kulowa. Akandichotsa m'banja andichotse, ndidzabwerera kuno kudzayendera khoma.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa, makamaka masiku ano amene ndikusowa wondiikira kumbuyo. Chimene ndikulonjeza ndi ichi: ine ndili moyo, damu lanu silidzapha mwana wa munthu.

Ndine mwana wanu wouma mutu uja,
Mailesi