Ndinasaina M'malo Mwanu

Akulu anga okondedwa,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa pokha sipadwala.

Kalatayi muwerenge muli nokha.

Mukuchikumbukira chipinda chathu choumbiramo, kuseri kwa sitolo ya utoto? Chilipobe, ndipo denga likudonthabe pakona pomwe paja. Pano amabwera anthu makumi atatu ndi anayi, onse otuluka kuchipatala cha matenda a maganizo. Ambiri kwawo amawapatsa kapu yawoyawo. Lolemba ndi Lachitatu timaumba, Lachisanu timajambula.

Bungwe limene linkatithandiza lija linatseka maofesi chaka chatha. Eni nyumba atipirira ndithu, sindingawanenere zoipa, koma apeza munthu wofuna kutsegulamo saluni. Anandiuza mwaulemu kuti mwezi uno ukatha ndiwapatse makiyi.

Ndinalemba makalata opempha thandizo kumabungwe asanu ndi limodzi. Anayi sanayankhe n'komwe. Awiri anati ntchito yathu ndi yabwino koma sikuoneka. Ine ndinkawalembera za anthu angati, masiku angati, dothi matumba angati. Fomu ya bungwe lachisanu ndi chiwiri inali ndi funso lina: fotokozani za munthu mmodzi amene moyo wake unasintha chifukwa cha ntchito yanu.

Akulu, ndinalemba za inu.

Ndinalemba za chaka chija mwana wanu woyamba atamwalira, pamene munakhala miyezi isanu ndi inayi osalankhula. Ndinalemba za kuchipatala. Ndinalemba za tsiku lija ndinakukokerani kuchipindako, inu n'kukhala pabenchi manja ali m'khwapa, mpaka ndinakuikirani dothi pamiyendo. Munaumba kansapato. Mutamaliza munakayang'ana nthawi yaitali, kenako munati, "Kanali kakang'ono kuposa apa." Amenewo ndiwo anali mawu anu oyamba.

Dzina lanu sindinalembe m'nkhanimo, ndinangoti mkulu wanga. Koma ine akulu ndili nawo angati?

Pansi pa fomuyo panali malo oti mwini nkhani asaine kuti wavomera. Ndinasaina ndine. Kalembedwe kanu ndimakadziwa, paja ndinaphunzira kulemba potengera m'makope anu.

Ndinadzinamiza kuti akana monga anzawo aja, pepalalo likaolera m'kabati, inu osamva chilichonse. Sanakane. Mayi wa kubungweko anandiimbira, akuti anawerenga kawiri ndipo kachiwiriko anatseka chitseko cha ofesi. Avomera kutithandiza zaka zitatu: lendi, uvuni wootchera zoumba, ngakhale namwino woti azitiyendera kawiri pamwezi. Chatsala n'chimodzi. Akufuna kukujambulani kanema mukufotokoza nokha, aike pa intaneti kuti opereka ndalama aone kumene zikupita.

Ndikudziwa kuti alamu amadziwa za matenda aja, koma apongozi anu ayi. Ndikudziwanso makolo amene amakusiyirani ana kusukulu yanu ya mkaka. Atamva zoti munagonapo kuchipatala chimene chija, mawa lake mudzatsala ndi mipando yokha. Zonsezi ndinkazidziwa pamene ndinkasaina. Sindinganene kuti ndinaiwala.

Ndinayesa njira ina. Ndinafunsa gulu ngati alipo angalankhule pakanema, poganiza kuti mwina bungwe lingalole kusintha munthu. Onse anayang'ana pansi. Kenako a Telala, bambo achikulire amene amaumba mbalame zokhazokha, anaimika dzanja. Anati tijambule iwo, alibe chotaya, makasitomala osoketsa zovala anawathawa kalekale.

Tinayeserera ndi foni yanga. Anabwera atavala jekete ndi tayi, nsapato atapukuta. Anakhala pampando, anatchula dzina lawo bwinobwino. Nditawafunsa za tsiku limene anawatengera kuchipatala, anaimirira. Anatuluka, chipewa n'kuchisiya patebulo.

Masiku anayi sanaoneke. Ndinakawapeza kwa mlongo wawo, makatani atatseka dzuwa likuswa mtengo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundipepesa kuti atigwetsa mphwayi. Iwo kupepesa ine, akulu.

Nditachoka kumeneko ndinalunjika kuofesi ya bungwe lija, ndipo ndinawauza mayi aja zoona, kuti siginecha ija si yanu. Sanakalipe. Anavula magalasi, kenako anati pamalamulo awo akanayenera kung'amba zonse pomwepo. Andipatsa mpaka pa 28. Mwini nkhani akavomera ndi pakamwa pake, zipitirira. Nkhope akhoza kuibisa, mawu akhoza kuwasintha. Koma nkhani sangaisinthe, chifukwa akuluakulu awo anavomereza imeneyo. Mukakana, pempho lathu lafera pomwepo.

Ndinawafunsa ngati angachotseko mawu oti mkulu wanga. Anati ayesa kufunsa, koma asandilonjeze.

Amayi athu nditawaululira anangoti ndakolola m'munda wa eni, ndiye ndipite ndekha kwa mwini munda, iwo asandiperekeze. N'chifukwa chake ndalemba ndi dzanja. Pafoni ndikanangolira, inu n'kuyamba kunditonthoza musanamve chimene ndakuchitani.

Sindikuti ndinachita bwino. Ndinakuberani chinthu chimene munachikwirira movutikira. Koma akulu, anthuwa ndiwatumize kuti? Pali mayi wina amene amayenda wapansi maola awiri kudzaumba, chifukwa kwawo alendo akabwera amamutsekera kuchipinda. Pali mtsikana amene anasiya kudzicheka chiyambireni kujambula. Ndayenda m'matchalitchi ndi m'masukulu kufunsa malo. Akangomva kuti ndi anthu otani, chipinda chimene chinali chopanda ntchito chimapezeka kuti chili ndi ntchito.

Lachitatu lapitali gulu linaumba mbale yaikulu yoti lidzapatse alendo a kamera. Aliyense anadinda chala chake m'mphepete. Sindinawauze kuti mwina alendowo sabwera. Ndinangowatungira madzi.

Ndagwira mwendo wanu. Ngati mungathe, imbani ndikulumikizeni ndi mayi aja, mumve nokha mmene angakubisireni, musanavomere chilichonse. Ngati yankho ndi ayi, nenani ayi. Nambala yanu sindinawapatse ndipo sindiwapatsa. Gulu ndikaliuza ndekha kuti ndalephera ndine, dzina lanu silituluka. Ngati mukufuna kunditukwana kaye, imbani munditukwane. Foni ili m'thumba la epuloni, ndimaigwira ndi manja a matope ikangolira.

Mulungu akusungeni, inu ndi nyumba yanu yonse. Mundiperekere moni kwa alamu. Anawo muwauze kuti amayi awo aang'ono awasungira timbalame tiwiri ta a Telala, tidzabwera ndi aliyense wopita kumeneko, kaya mwayankha bwanji.

Ndine mng'ono wanu, ngati mukundiwerengabe,
Wamatope