Manja a Achemwali Aima pa Foni

Lachiwiri, 2 Julayi

Mayeso a Fomu 4 ayamba. Kuzizira kwa kuno ku Embangweni, ana kulemba zala zitauma. Ine woyang'anira, kuyendayenda m'mizere, mtima wonse uli ku Blantyre.

Achemwali anga a Immaculate awagoneka m'chipatala dzulo. M'mimba. Akuwadikirira ndi azakhali, koma azakhali zomwe amamva pa manja a achemwali ndi kudya, madzi ndi chimbudzi basi. Munthu wosamva ndi wosalankhula chibadwire, sukulu sanapondeko, kulemba ayi. Chilankhulo chawo ndi cha manja chomwe tinapanga awirife tili ana ku Chiradzulu, m'buku mulibe. Amayi ankachidziwa. Amayi anapita. Ndatsala ndekha, ndiye boma n'kundiponya kuno.

Foni ya vidiyo ali nayo ndi Maclean, msuweni wathu. Akaweruka ku Limbe amathamangira kuchipatala, kufika kutada. Tapangana kuti aziyimba madzulo aliwonse, ine ndizimasulira zomwe achemwali akunena.

Tayesa lero. Nkhope yawo yaoneka bwinobwino, yaonda. Atandiona agwira mano awo akutsogolo, ndilo dzina langa, chifukwa cha mpata wangawu. Koma ine kuno ndinali chimdima chokhachokha. Babu langa lakale lofiirali silithandiza, manja anga samawaona. Mawa ndigule la nzeru.

Lachitatu, 3 Julayi

Ndagula pamsika. Babu la LED, lopanda ndi dzina lomwe, lotchipa, koma kuwala ngati masana. Fumbi la m'nyumba muno ndaliona lero.

Kunjanso zowala. A Zondwayo, eni nyumba, amangirira chigetsi chachikulu pamtengo wa pakhola la ng'ombe. Watumiza ndi mwana wawo wa ku Joni. Chimayaka chokha kukada.

Maclean wayimba. Nkhope ya achemwali, dzanja likukwera, basi chithunzi chaima. Kagudumu kaja kuzungulira, kuzungulira. Kudula, kuyimbanso, chimodzimodzi. Bandulo ilimo yambiri. Mwina ndi nyengo.

Lachisanu, 5 Julayi

Sinali nyengo. Masana intaneti kuthamanga ngati yaba. Dzuwa likalowa yafa.

Nyumba ino ili kunsi, kufupi ndi dambo, foni payokha sigwira. Chomwe chimandipulumutsa ndi rauta yomwe anandisiyira mphunzitsi amene ankakhala muno, ndi eriyo yake pamtengo wa bulugama. Chaka chonse osavuta. Yasankha sabata ino.

Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pomwe anthu amayimbira. Pamagwira mawu okha. Mawu okha kwa munthu wosamva, ndi ine ndili mumdima ngati mfiti. Ndangolankhula ndi Maclean. Akuti adokotala afunsa pomwe pakupweteka penipeni, ndi kuti panayamba liti. Achemwali aonetsa ndi manja, abwereza, abwerezanso, kenako atembenukira kukhoma. Azakhali angoti m'mimba monse.

Si monse. Munthu uja sanena zinthu za monse. Akakwiya amatembenukira kukhoma, ndikumudziwa.

Loweruka, 6 Julayi

Tchuthi. Ndaitana Goodluck wokonza mafoni pamsika. Wakwera pabulugama, watembenuza eriyo, wadulitsa nthambi ya mango ya anyaShaba, akazi a a Zondwayo, iwo akuyang'ana ndi diso loipa. Wayesa, zonse myaa. Masanatu amenewo. Ndinamuuza kuti matendawa ndi a madzulo, iye akuti, "Amadamu, netiweki ilibe wotchi yayi." Walandira zake, wapita.

Madzulo yafa.

Ndaganiza zongonyamuka. Blantyre ndi tsiku lathunthu kupita, lina kubwera, malipiro sanalowe, Lolemba pali pepala la mayeso. Azakhali akuti adya phala, akupezako bwino. Ndakhulupirira chifukwa ndimafuna kukhulupirira.

Lolemba, 8 Julayi

Magetsi azima chakumadzulo, dera lonse. Ndinati lero ndiye zatheratu. Komabe ndalumikiza rauta kupawabanki, ndayatsa makandulo atatu omwe ndinali nawo, ndawaika pambale patsogolo panga.

Maclean kuyimba, chithunzi mbee. Osaima ngakhale pang'ono.

Ndinalira kaye, n'kudzitukwana kuti nthawi ikutha. Achemwali aseka, akuti ndikuoneka ngati wakufa pamakandulopo. Kenako ntchito. Apa, pansi pa nthiti kumanja. Dzanja lopotokola ngati akufinya chovala, ndiko kupweteka koluma. Kumapita kumsana. Kunayamba nthawi yokolola, osati sabata yatha. Akadya zamafuta kumakula. Ine kunena mokweza, Maclean kulemba, namwino wina wachifundo ataima pambali akumvetsera. Akuti mawa m'mawa auza adokotala.

Titatha zimenezo achemwali akodola Maclean kuti abweretse foni pafupi. Ayang'ana kumbali kuona ngati azakhali akuona. Nkhope ija ya nkhani zathu ziwiri. Adziloza pamtima. Agwira mano, ine. Apanga denga ndi manja awiri, ndiko kwathu. Kenako dzanja lamanja layamba kutsika, chala chimodzi chili chilili.

Magetsi n'kubwera. M'nyumba ngwee, panja ngwee, ana a kwa a Zondwayo kukuwa mokondwa. Inenso ndinakondwa, chitsiru ine, ndimati tsopano andiona bwino. Kuyang'ana pafoni, chithunzi chaima. Chala chili m'malere.

Sichinayendenso. Iwo, ine, kwathu, kenako chiyani? Chala chotsika chikhoza kukhala kudzala, kukhala pansi, kukwirira. Zimadalira komwe dzanja lathera.

Lachiwiri, 9 Julayi

Ndagona ndikuganiza. Magetsi kulibe, intaneti bwino. Magetsi abwera, yafa. Masana magetsi amakhalapo koma imagwira. Ndiye ndi chinthu choyaka madzulo okha. Chayamba liti? Lachitatu. Chigetsi cha pakhola chinamangidwa liti? Lachitatu.

Ndafunsa Goodluck pafoni. Akuti n'zotheka, magetsi ena a LED amatulutsa phokoso losamveka ndi makutu lomwe limasokoneza mawaya apafupi. Bwanji sananene Loweruka? Akuti sindinamufunse.

Ndapita kwa a Zondwayo nditaweruka. Ndinayamba bwino, mawondo pansi, monire adada. Andimvetsera mpaka kumapeto. Kenako akuti mwezi wa Meyi akuba anatulutsa ng'ombe ziwiri za pangolo, mpaka lero sizinaoneke, ndipo mwana wawo wadzimana ku Joni kuti zotsalazi zigone pooneka. "Sono amadamu, ng'ombe zane zilute chifukwa cha foni?"

Zilute, m'Chitumbuka chawo, ndiye kuti zipite. Apa ndinalakwitsa. Ndinati kwathu munthu amaposa ng'ombe, kaya kuno. AnyaShaba anangodzuka n'kulowa m'khitchini. Bambo aja anangoyang'ana pansi.

Pakamwa panga pamandipweteketsa kuyambira kale. Achemwali ali ndi chizindikiro chake, amatsina milomo yawo n'kundiloza.

Lachitatu, 10 Julayi

Magetsi osazima. Anthu onse m'dziko muno amapempherera kuti ayake, ine ndekha ndikupempherera kuti azime.

Maclean pachulu, mawu okha. Awajambula m'mimba pomwe ndinanena paja, apeza kanthu. Akukambirana za opaleshoni koma akuti thupi lafooka. Phala akana. Achemwali akaona Maclean akundiyimbira amatambasula dzanja kuti awapatse foni, akaona chithunzi changa chili chiimire amaigogoda ndi chala, kenako amaibweza. Akuti mwina akuganiza kuti ndine ndikudula.

Izi zandipweteka kuposa zonse. Ndani angawafotokozere za netiweki? Chizindikiro chake tilibe.

Lachinayi, 11 Julayi

Kutangoyamba kuda, kugogoda. A Zondwayo, chijasi chachikulu, chibonga m'manja. Akuti achotsa waya wa chigetsi, akakhala okha pakhola mpaka nditamaliza. "Yowoyani nawo abale ŵinu, ise tilindenge." Ndiye kuti ndilankhule ndi m'bale wanga, iwo adikira. Ndinasowa poyang'ana. Yewo chomene, zikomo wa kuno, yokhayo ndi imene inatuluka.

Panja bii. Ndakhala patebulo, ndakonza tsitsi, babu langa likuwala bwino kuti andione. Maclean wayimba.

Chaima. Chimodzimodzi, osasinthako n'komwe.

Ndayesa mpaka Maclean atauzidwa kuti nthawi yoona odwala yatha. Kenako kutuluka kukawauza bambo aja, ali chiimire m'chisanu chija, kuti getsi lawo lilibe mlandu. Sananene kanthu koipa. Bola akanandinyoza. Angoti phepani, n'kukalumikiza waya wawo.

Ndalakwira munthu, ndipo mbala sindinaigwire.

Loweruka, 13 Julayi

Goodluck wabwera madzulo ulendo uno, ndinamuuza kuti akabwera masana asandipatse moni. Wabwera ndi kawailesi ka mabatire. Wakaika pomwe palibe siteshoni, kakungoti sii. Akuti tiziyenda nako, pomwe kakalire kwambiri ndi pomwe pali vuto.

Tayamba pakhola. Phokoso pang'ono chabe. Kukhitchini kwa anyaShaba, zii. Kwa aneba a firiji, pang'ono. Pamita ya magetsi, pang'ono. A Zondwayo akutitsatira, anyaShaba pambuyo, ng'ombe zikutiyang'ana. Ine ndinali nditayamba kale kukayikira chigayo cha kutsidya.

Pobwerera kuti tikamwe tiyi, kufika pakhonde langa, kawailesi kayamba kulira. Kutsegula chitseko, kakulirakulira. Goodluck wakakweza m'mwamba pakati pa chipinda, kachita kubangula ngati njuchi zili m'chitini. Watambasula dzanja, wazimitsa swichi yapakhoma. Zii.

Wayatsa. Kubangula. Wazimitsa. Zii.

Babu langa. Lomwe ndinagula kuti aone manja anga. Lapachikika pamtanda wa denga pomwe pamadutsa chingwe cha eriyo, zinthu ziwirizi zikuchita kukhudzana. Goodluck amafotokoza za kachipangizo kam'kati kotchipa, sindinamve zambiri. Ndinakhala pampando. Madzulo onse aja ndimayamba ndayatsa babu, kenako n'kukhala pansi pake kudikira foni.

Palibe anaseka. AnyaShaba apita kwawo, abwera ndi nyali yawo ya parafini ndi babu lakale la m'chipinda mwawo, aika patebulo.

Ndayimbira Maclean pomwepo. Ali ku Mwanza, abwana ake amutuma ndi katundu, abwera mawa. Azakhali foni yawo ndi ya mabatani.

Lamulungu, 14 Julayi

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Masana onse kukonza. Babu la anyaShaba kudenga, langa lakale lofiira pachingwe pafupi ndi nkhope, nyali kumanzere, makandulo kumanja. La LED lija ndalikulunga m'pepala, lili pansi pa bedi. Kuliphwanya ndalephera, sindikudziwa chifukwa chake.

Maclean wayimba. Chithunzi choyera kuposa masiku onse. Ndimaona ulusi wa bulangete, madontho a diripi akugwa, ming'alu ya pamilomo yawo.

Maso ali otsegula. Andiona, ndikudziwa kuti andiona.

Ndayamba ndi kupepesa. Sindine ndimadula. Ndaloza babu, ndapanga chizindikiro cha chinthu choipa, ndadzimenya pachipumi. Kaya amva. Kenako ndabwereza mawu awo a Lolemba. Inu, ine, kwathu, chala chotsika. Ndatambasula zikhato, ndiko kufunsa. Chiyani? Malizani.

Manja ali pabulangete. Lamanzere lili ndi singano, latupa. Lamanja lagwedezeka pang'ono, zala ziwiri zadzuka, zagwanso. Maclean anayesa kulinyamula pachigongono kuti liwapepukire. Lalendewera.

Ndayesa kuwathandiza. Kudzala? Munda wa amayi? Mukufuna ndibwerere kwathu tikakhale limodzi? Mukufuna mukagone pafupi ndi amayi? Chilichonse ndimapanga n'kudikira kuti aphethire kapena agwedeze mutu. Amangondiyang'ana. Osatembenukira kukhoma, mphamvu yake palibe. Misozi kutsikira m'khutu.

Tinakhala choncho mpaka nthawi itatha. Intaneti osadukako ngakhale kamodzi.

Azakhali atenga foni pomaliza. Sananenenso za phala. Akuti, "Monica, mayesowo ali ndi eni ake."

Lolemba, 15 Julayi

Pa Jenda, kudikira basi ya ku Lilongwe, kenako ina. Ahedi akuti apeza wina woyang'anira, zotsala tidzakambirana ndikabwera. Akanatero sabata yatha ndikanapempha. Sindinapemphe. A Zondwayo ndi amene anandipezera njinga yamoto m'mamawa, anyaShaba andimangira mbatata yootcha, sindinaikhudze.

Ndikafika ndikaika dzanja lawo m'dzanja langa. Ngakhale chala chitangoyenda pang'ono m'chikhato mwanga ndikamva komwe chikupita. Tinkatero tili ana, amayi akazimitsa nyali.

Basi ikuchedwa. Mphepo, fumbi, anyamata a tomato kundikakamiza.

Foni ikulira. Maclean. Nthawi ino amakhala ali kuntchito. Si ya vidiyo, ndi ya mawu.

Ikulirabe