Mawa akudula Ledi

Ababa, mawa akudula Ledi, mtengo wanu uja, ndipo amene amusankha kukwera pamwamba kukamanga chingwe ndi Fanuel, mwamuna wanga. Ndikulemba mothamanga, musaseke zilembo zokhotazi.

Pepani, ndalowa osaodira. Kumene muliko mukudzuka bwanji? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife ku Macheke kuno tilipo. Mdzukulu wanu Chipo simunamuone, anabadwa patatha miyezi inayi titakuikani m'manda. Pano akukwawa, mano awiri atuluka, koma makutu ndi anu enieni, oima ngati zogwirira poto. Amai anapita ku Karoi kwa achimwene, akusankha fodya, akuti maso ayamba kuchita chifunga. Chimanga chaka chino chinabereka, kungoti chiswe chinatilanda mizere yakumunsi. Tikadali m'kanyumba kanu kaja kuseri kwa nyumba yaikulu, tikudyera maganyu a maricho pa purazi pompano, famu yomwe ija.

Za gadeni yanu musafunse. Pa kapinga paja munkatchetcha Lachisanu lililonse pali maungu. Maluwa a marozi aja mbuzi zinamaliza. M'dziwe losambiramo azungu mukulira achule. Watsala ndi Ledi yekha, ndipo wakula kuposa mmene munamusiyira. Munthu akatsika kombi pamsewu wa Mutare amayamba kuona mtengowo, denga la nyumba pambuyo.

Masiku ano ndikungokumbukira. Munkati unabwera m'chitini cha penti, wolekeza m'bondo, inu mukadali mnyamata wosakwatira. Dona wa purazi anakuuzani kuti muudzale pakati pa kapinga, kutali ndi nyumba, chifukwa mtengo umenewu umafuna bwalo lakelake, mizu yake siipita pansi kwambiri, imayenda m'mbali. Chilimwe chilichonse inu ndi makeni awiri a madzi, uku ndi uku, mpaka mapewa anachita zikang'a. Amai ankati, "Pitani kwa mkazi wanu wamkuluyo, akakuphikireni yemweyo." Inu nkumati, "Amene uja ndiye salongolola." Amai nkukuponyerani chitsononkho.

Ine ndinkakonda khungwa lake lofiira lija, lofewa ngati matiresi. Tinkalimenya zibakera osamva kuwawa. Tinagwiranapo manja ana anayi kuti tiuzungulire, osakumana. Mvula ikagwa kafungo kake kankalowa mpaka m'mabulangete, ndipo tizipatso take touma, tonga mazira a nkhuku, ndinkatisunga m'chitini cha shuga ngati ng'ombe zanga. Koma kukwera ayi. Komboni yonse inkadziwa kuti pansi pake anaikapo mzimayi wachizungu, Ledi Wudu, ndipo wokwera amamukankha. Ngakhale nkhuni yogwa yokha palibe ankatola.

Zoona zake munandiuza ine ndekha, muli pa kampando pakhomo, matenda atakula. Munati, "Malita, pansi apo palibe ledi aliyense. Dzina la mtengowo ndi lediwudu, pachizungu ndiye kuti mtengo wofiira, kwawo ndi ku Amereka. Tsiku loyamba ndinamva molakwa, ndinakafotokoza ku komboni molakwa, anthu nkuwonjezera manda. Nditadziwa zoona ndinangokhala chete." Nditafunsa chifukwa, munatsokomola kaye. Munati nthambi zake zimaoneka zonenepa koma zimathyoka ngati chinangwa, osalira nkomwe kuti munthu adziwe. Munati ana mukanawauza za nthambi akanakwerabe, koma za mzimu anamva. Tinaseka tsiku limenelo mpaka misozi.

Lero sindikuseka, Ababa.

Mwini purazi wa panoyu wamanga mabalani ena awiri owotchera fodya. Bulugamu anatha, misasa ya kuphiri inatha, ndiye maso agwera pa Ledi. Amuna onse anakana poyamba, kuopa mzimu. Ndiye Lamlungu mwini puraziyo anabweretsa mneneri wa mpingo wa mapositori, wa mkanjo woyera ndi ndodo. Anazungulira mtengo akuwaza madzi, nkunena kuti mzimayiyo watuluka, wabwerera kwawo kutsidya kwa nyanja. Anthu anaomba m'manja. Mantha onse anathera pomwepo. Mwaona? Chimene chinali kuwaletsa achichotsa, koma chimene chimapha chili pomwepo.

Fanuel amusankha chifukwa ndi wopepuka thupi. Akuti akwere mpaka pafupi ndi nsonga, amange chingwe, thirakita idzakoke kuti usagwere nyumba. Ndamuuza zonse zimene munandiuza. Anandiyang'ana nkuti, "Iwe mai a Chipo, moyo wako wonse umati muli mzimu, lero wasanduka chinangwa? Baba ako anandiuza ndi pakamwa pawo kuti muli ledi." Ndipo sakunama. Munamuuzadi tsiku lija anabwera kudzandifunsira, atatsamira mtengowo, inu nkumuopseza mpaka anadumpha. Anzake akungondiseka, akuti, "Nsanje ya amai ake yamulowa, akuopa kuti Ledi amulanda mwamuna." Ndinapita kwa mkazi wa mwini purazi, ndinagwada, ndinawauzanso zimene munkanena zija, kuti nkhuni zake ndi zopepuka, sizisunga moto, fodya sizingamuumitse bwino. Anangoti, "Hazvina basa, mwanangu," kutanthauza kuti zilibe kanthu, nkupitiriza kusenda nandolo. Fanuel akuti akakana, kanyumba kano apatsa ena, ndiye mwana tikamugoneka kuti?

Achimwene ndawaimbira kasanu, foni siikulowa. Amai nawo ngakhale atabwera adzanena za mzimu womwewo, chifukwa nawonso simunawauze. Odziwa tilipo awiri, ine ndi inu, ndipo ine ndine mkazi wa giredi seveni, mawu anga sakulemera.

Sindikukudzudzulani. Bodza lanu linatilera tonse, palibe mwana wa pa komboni anathyokapo mwendo pamenepo. Mtengonso sindikuulirira, ngakhale mtima ukuwawa ndikaganiza mapewa anu. Augwetse ngati afuna. Ndikulonjeza kuti nditola njere zake ndikayese kufesa pafupi ndi pamene mwagona, ndizidzathirira monga munkachitira. Koma munthu asakwere.

Kalatayi ndikaiika pansi pa mwala wa kumutu kwanu dzuwa lisanalowe, Chipo ali kumsana. Muiwerenge msanga, musaisunge m'thumba la jekete ngati makalata a kumudzi kwanu ku Dedza aja. Inu ndi amene munamanga nkhaniyi, bwerani mudzaimasule nokha. Mumulotetse Fanuel, mumuuze ndi mawu anu aja okalipa. Akapanda kumva, mugwireni mwendo, mumutsegule m'mimba, chilichonse, ine ndidzamudwazika mosadandaula. Akuti ayamba mame akangouma.

Ndine mwana wanu wokukondani, Malita. Ababa, chonde, bwerani lero lomwe.